Nambala ya Ndeke, Nambala ya Ambuya

Bokosi lija ndinalipeza ku Soweto Market, Loweruka lina m'nyengo yozizira, pansi pa mulu wa zidole za salaula. Ndinapita kukafuna nsapato za kunchito. Koma amayi ena anali atangodula belo, ndipo pakati pa zidole zopanda mikono ndi tumotoka topanda mawilo panali bokosi lophwanyika m'makona, lolembedwa Airfix. Pamwamba pake panali cithunzi ca ndeke yoyera ikuuluka munsimunsi, pafupi ndi mafunde. Mimba yake inali ngati bwato. Phiko linali limodzi, lalitali, lokhazikidwa pamsana ngati denga la kantemba. Cakumcira, mbali zonse ziwiri, inali ndi magalasi otupa ngati maso a cule.

Ndinaima pamenepo mpaka mnyamata wa wilibala anandikuwira kuti ndipatuke.

"Tengani, ba boss, K40 cabe. Mwana azakondwela," anatero amayi aja.

Mwana ndilibe. Ndinalipira osapempha n'komwe kuti acotseko, ndipo ndinakwera basi ya ku Matero ndilibe nsapato zatsopano. Cimene cinandigwira ndi maso aja. Mawu akuti maso a cule sindinawapeke ine. Ndinawamva ndili mwana, pambali pa mbaula, kwa Ambuya.

Ambuya, atate awo a amayi anga, anali a ku Katete. Ali mnyamata analowa usilikali mu Northern Rhodesia Regiment, ndipo Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse inawafikitsa mpaka ku Burma. Zaka zawo zothera anakhala nafe ku Matero, ndipo anatisiya mu 2003, ine ndili Giredi 7. Usiku moto ukakolera, anali kuyamba nkhani zawo. Ife adzukulu tinali kutsinana n'kumaseka ca m'mimba, cifukwa nkhanizo tinali titazimva kambirimbiri. Ana a mumsewu mwathu anali kuwacha Ba Burma.

Za zipolopolo sanali kukamba kwambiri. Cimene anali kubwerezabwereza ndi madzi. Munthu amene anakulira pa tumitsinje towoloka wapinda buluku anakwezedwa combo ku Mombasa kupita ku Ceylon, dziko limene lero tikuti Sri Lanka, n'kukhala masiku ambiri pa madzi opanda tsidya. Anauzidwa kuti pansi pa madziwo pali nsomba zacitsulo zokhala ndi anthu m'mimba, zimene zimaboola combo osacenjeza. Usiku kunalibe kuyatsa fodya kapena nyali. Aliyense anali kugona atavala covala coyandamitsa.

"Koma m'mawa inali kubwera ndeke yoyera, ya maso a cule," anali kutero. "Ikazungulira pamwamba pathu, nsima inali kutsika. Ikapita, ngakhale wolongolola anali kukhala cete."

Akafika pamenepo anali kuimirira, ndodo pambali, cifuwa patsogolo, n'kuchula nambala yawo ya usilikali m'Cingelezi, mwaliwiro ngati pemphero la mwana wanjala. Ife tinali kuphulika ndi phwete.

Ndimaphunzitsa masamu pa sukulu ina ku Matero. Sabata imeneyo ana a Giredi 9 anali pa mutu wa sikelo, mutu umene ambiri amauda ngati mankhwala a malungo. Pa bokosi lija panalembedwa 1:72, ndipo ndinaona kuti phunziro ladzibweretsa lokha. Koma nditatsegula kunyumba ndinapeza kuti salaula ndi salaula. Theka la phiko kunalibe. Copukusa mphepo ca injini imodzi kunalibe. Munali kapepala kacikasu ndi ukalamba, kokhala ndi zizindikiro zonse za ndekeyo: mikombero yamitundu, malembo ndi manambala. Opanga tundeke amazicha ma decal. Umadula cizindikiro, n'kuciviika m'madzi, kenako cimatsetsereka kucoka pa pepala kupita pa ndeke. Canga nditaciviika cinanyenyeka ngati nkhoko za nsima, n'kuyandama m'kapu tizidutswa tofiira ndi tabuluu.

Ndinapita nalo m'kalasi momwemo. Ndinalemba pa bolodi kuti ndeke yeniyeni, dzina lake Catalina, inali ndi phiko lotalika mamita 31.7 ndi thupi la mamita 19.5. Ndinafunsa kuti pa sikelo ya 1:72 phikolo likhala masentimita angati. Atavutika nazo kwa kanthawi anapeza 44, ndipo thupi 27. Ndinatulutsa thupi la pulasitiki, mtsikana wina anaikapo lula, ndipo linakwana. Kalasi inacita phokoso ngati Chipolopolo yagoletsa. Munthu wa msinkhu wanga pa sikelo imeneyo sakwana masentimita awiri ndi theka.

Kumbuyo, pafupi ndi windo losweka, mutu wina unadzuka.

Anzake amamucha Injiniya. Amakhala ku George ndi amayi ake, amene amagulitsa tomato ndi repu. Ndiye anali katswiri wa motoka za waya m'dera lonselo: mabasi okhala ndi citseko cotseguka, mathiraki a mawilo a patapata, zonse zokhota ndi siteringi yaitali. Masamu anali kupeza 20 kapena 25. Ndipo pakati pa iye ndi ine panali mlandu umene ndiyenera kuuvomera. Temu yoyamba ndinamugwira akupinda waya pansi pa desiki. Ndinamulanda basi imene anali atatsala pang'ono kutsiriza, ndinaiponda pamaso pa kalasi yonse, n'kunena kuti waya sadzamudyetsa. Ana anaseka. Iye sanalire. Anangotola zotsala n'kuika m'thumba, ndipo kuyambira tsikulo sanandiyankheponso funso ngakhale limodzi.

Belu litalira anatsalira. Anaima patali ndi tebulo, maso ali pa bokosi.

"Ba Sir, iyi ningaipange. Koma ikulu, osati ka so."

"Ikulu bwanji?"

"Kabili."

"Ndiye sikelo yake ikhala ciyani?"

Anayang'ana kudenga, milomo ikuyenda. "One to thirty-six. Phiko 88."

Limenelo linali yankho loyamba kundipatsa m'miyezi isanu, ndipo linali lolondola.

Tinagwira nchitoyo masana, ena akaweruka, pafupifupi milungu isanu ndi umodzi. Kunena zoona anagwira ndi iye. Ine ndinali wogwira lula ndi wogula guluu. Mafupa a ndeke anapanga ndi waya wa mahang'ala. Mimba anaikuta ndi malata a zitini za mafuta ophikira, ataziwongola ndi botolo. Phiko linali la katoni, lolimbitsidwa ndi nsungwi. Maso a cule anawadula ku mapewa a botolo la pulasitiki. Ataona pa bokosi kuti kunsonga kwa mapiko kuli tumabwato tiwiri toiteteza kuti isapendekeke pamadzi, timene timapindika ikauluka, anatha masiku atatu mpaka take tinapindikanso. Muyeso uliwonse anali kuutenga pa pulasitiki, kuwirikiza kawiri, n'kuulemba kumbuyo kwa buku. Manja ake anali kudziwa masamu kalekale. Cimene analibe ndi dzina la zimene anali kucita.

Zizindikiro zinali mbali yanga. Popeza kapepala kaja kanathera m'kapu, tinayenera kupenta ndi manja, ndipo ndinafuna kuti tisaname. Usiku, magetsi atapita, ndinali kutha mabando pa foni kuwerenga za ndeke imeneyi. Ndinapeza kuti kunja kuli anthu, ambiri a iwo madala opuma pa nchito, amene amatha miyezi akukangana za mtundu wa lemba limodzi pa ndeke imodzi m'mwezi umodzi wa 1943. Zithunzi zambiri za nthawiyo zilibe mitundu, ndiye mkangano sutha. Poyamba ndinawaseka. Pofika sabata yaciwiri ndinali mmodzi wa iwo.

Catalina inapangidwa ku America ndi kampani ya Consolidated. Inali yocedwa, makilomita pafupifupi 200 pa ola, koma inali kukhala m'mwamba maola opitirira 15 osatera. Nchito yake inali kudikira. Inali kuzungulira pamwamba pa zombo, amuna ali m'magalasi otupa aja maso pamadzi, kufunafuna kamzere ka thovu. Sabumarini za nthawi imeneyo zinali kuyenda kwambiri pamwamba pa madzi, cifukwa pansi zinali kudalira mabatire amene anali kutha msanga, ndipo liwiro lake linali locepa. Ikaona ndeke inali kumira, ndipo ikamira zombo zinali kuisiya m'mbuyo. Conco ndeke inali kupulumutsa anthu ngakhale tsiku limene sinaponye bomba. Ambuya sanali kudziwa za mabatire, koma mimba yawo inali kudziwa nthawi yoyenera kulandira nsima.

Kuyera kuja sikunali kukongoletsa. Poyamba ndeke zambiri zosaka sabumarini zinali zakuda kunsi, cifukwa zinapentedwera nkhondo ya usiku. Asayansi a gulu la Patrick Blackett, amene anali kuthandiza Coastal Command ya Britain, anaona kuti mlonda wa pa sabumarini amaona ndeke ngati kadontho kakuda pa thambo lowala, ndipo penti yakuda imangomuthandiza. Kuyambira mu 1941 anayamba kupenta mimba ndi mbali moyera, ngati mbalame za kunyanja. Pamwamba anasiya mitundu iwiri yotuwa, wina wopita ku buluu, wina wopita ku msipu, kuti woyang'ana ali kumwamba aone ngati madzi.

Mikombero nayo inali ndi malamulo ake. Pamwamba pa phiko panali yofiira ndi yabuluu cabe. M'mbali mwa thupi, kuyambira 1942, inali inayi: wofiira pakati, woyera wopyapyala, wabuluu, ndi wacikasu wopyapyala kunja, pa muyeso wa 3:4:8:9. Nditalemba manambalawa pa bolodi, Injiniya anatenga kampasi n'kujambula mamilimita 12, 16, 32 ndi 36 osafunsa kanthu. Kumcira kunali mizere itatu, wofiira kutsogolo, woyera pakati, wabuluu kumbuyo. Kum'mawa, kumene anali kumenyana ndi Japan, mu 1943 anacotsa cofiira conse n'kusiya mitundu iwiri ya buluu, cifukwa ndeke za Japan zinali ndi dzuwa lofiira, ndipo msilikali wamantha akaona kufiira amawombera asanafunse. Penti ya ndeke inali ndi nchito ziwiri zotsutsana: kuibisa kwa mdani ndi kuidziwikitsa kwa mnzake.

Kenako panali lemba limodzi lalikulu, dzina la ndekeyo m'gulu lake, ndi nambala yaing'ono pafupi ndi mcira, imene inali yake yokha. Apa tinayenera kusankha ndeke imodzi yeniyeni. Ndinafuna ya kufupi ndi kwathu, ndipo ndinaipeza. Magulu a Catalina anali m'gombe lonse la kum'mawa kwa Africa: 209 Squadron ku Kipevu, Mombasa, kuyambira 1942, 265 Squadron ku Diego Suarez, Madagascar, ndi 262 Squadron ku Durban. Pa 20 Ogasiti 1943, kumwera kwa Madagascar, Catalina ya 259 Squadron, lemba C, nambala FP126, inapeza sabumarini ya Germany, U-197, n'kuivulaza moti inalephera kukhala pansi pa madzi. Inaizungulira ikuitana thandizo mpaka inafika ina ya 265 Squadron, lemba N, nambala FP313, imene inatsiriza nchito. Anthu onse 67 a m'sabumarini anafa. Tinasankha FP126.

Mungafunse, monga anafunsira ana anga, kuti ife a dziko lopanda nyanja zikutikhudza pati. Ndinawayankha ndi mapu. Kopa ya ku Nkana, Mufulira, Luanshya ndi Nchanga, imene Britain inali kuifuna popanga zipolopolo ndi mawaya, inali kuyenda pa njanji mpaka ku Beira, n'kukwera zombo. Pakati pa 1942 sabumarini za Japan zinamiza zombo zambiri pa madzi a pakati pa Mozambique ndi Madagascar. Ndipo zombo zina sizinanyamule kopa, zinanyamula anthu. Pa 12 Febuluwale 1944, combo ca Khedive Ismail, cocokera ku Mombasa kupita ku Colombo, cinawomberedwa ndi sabumarini ya Japan pafupi ndi zilumba za Maldives. Cinamira m'mphindi zowerengeka. Anthu 1,297 anafa, ambiri a iwo asilikali a ku East Africa. Njira yake ndi yomwe ija anadutsa Ambuya. Mantha amene ife tinali kuseka pa mbaula anali ndi maziko.

Nkhondo imeneyo tikuyenda nayo tsiku lililonse osadziwa. Kondakita akamakuwa za Burma Road, akuchula dziko limene anyamata a ku Katete, Kasama ndi Mongu anakagonako m'matope. Arakan Barracks muno mu Lusaka, Chindwin ku Kabwe, Kalewa ndi Tug Argan ku Ndola, Gondar ku Chipata: onsewa ndi maina a malo a nkhondo ku Burma, Somaliland ndi Ethiopia. Ngakhale Cinyanja cimene mukuwerengaci cinali cilankhulo ca asilikali ndi apolisi a Northern Rhodesia, ndipo ici ndi cimodzi mwa zifukwa zimene cinamerera mizu mu Lusaka. Ndinaphunzitsa zonsezi monyadira, ngati munthu amene watulukira cinthu. Sindinadziwe kuti ndikudzichera msampha.

Tsiku lopenta zizindikiro ndinacedwa ku miting'i ya aphunzitsi. Nditalowa ndinapeza ndeke yayera bwino, pamwamba patuwa, koma pa phiko lamanzere pali nkhwazi yojambulidwa ndi pensulo, mapiko otambasula ngati ya pa mbendera.

"Ici n'ciyani?"

"Nkwazi, ba Sir."

"Futa. Mu 1943 Zambia kunalibe. Mbendera inabwera pa 24 Okutobala 1964. Tikaika nkhwazi ndiye kuti tanama."

Mawu anga anatuluka ndi ukali womwe uja wa tsiku la basi. Ndinaona mapewa ake akukwera. Ndinaganiza kuti atola zinthu zake n'kupita, ndipo ulendo uno sadzabwereranso. Koma anaika pensulo pansi n'kundiyang'ana m'maso, cinthu cimene mwana wa sukulu sacita kawirikawiri.

"Manje ba Sir, mwenze mwakamba ati kopa inali yathu, na masoja benze bathu. Ndeke ili na nambala. Sabumarini ili na nambala. Na bamene banafelamo mwabapenda, 67. Ba mbuya banu nambala yao ni cani?"

Ndinatsegula pakamwa. Nyimbo yake ndinali kuimva bwinobwino, mmene mawu a Ambuya anali kukwerera pakati n'kugwa kumapeto, ngakhale kugunda kwa cidendene cawo pa simenti. Koma manambala sanabwere. Ndinawamva mwina kokwana 200 pa moyo wanga. Nambala ya ndeke ya eni ake ndinaipeza m'mphindi zisanu ndi bando ya K10, pamodzi ndi tsiku ndi malo. Ya munthu amene ndinali kudya naye m'mbale imodzi inali itapita.

Loweruka ndinapita kwa amayi. Ndinawapeza akusankha kapenta pakhonde.

"Amayi, nambala ya Ambuya ija mukuikumbukira?"

Anaseka kaye, kenako anasiya kusankha. "Iwe, ndi ife tinali kuwaletsa. Akangoimirira tinali kuti, Atate, mwayambanso, khalani pansi mungagwe." Anayesa. Anachula manambala awiri, n'kubwerera, n'kuwasintha, n'kupukusa mutu.

Ndinafunsa za thiranki yawo yacitsulo. Anati inapita kwa amayi aang'ono ku Kanyama, ndipo caka cina ca mvula yambiri madzi analowa m'nyumba mpaka m'mawondo. Mapepala onse anasanduka phala. Mamendulo anali atagulitsidwa kale, caka cina ca mavuto, kwa munthu wina woyenda m'makomboni kugula zinthu zakale. Ndalama yake inagula unga wa mwezi umodzi. Sindingawaimbe mlandu, cifukwa unga umenewo ndinadya nawo.

Pobwerera m'basi ndinali kuganiza za madala aja okangana za mtundu wa lemba limodzi. Ndinali kuwaona ngati anthu osowa cocita. Koma cifukwa ca iwo, ndi cifukwa ca maofesi amene analemba zonse n'kusunga, FP126 siinafe. Wina kwinakwake akuipanga usiku uno pa tebulo la m'khicini. Mabuku a usilikali analemba maina a asilikali akuda, inde, ndipo manda ena ali ndi miyala. Koma m'nyumba zathu, mmene munthu amayenera kukumbukiridwa, tinasiya zonse m'kamwa mwa nkhalamba, n'kumaziuza kuti zikhale pansi. Caka ciliconse mu Novembala akuluakulu amaika maluwa pa cipilala ca cikumbutso ca ku Independence Avenue. Ine ndakhala ndikudutsapo pa basi moyo wanga wonse, osaganizapo kuti pali ca kwathu. Paja amati mawu a akulu akoma akagonera. Athu anagonera mpaka anasasa.

Lolemba ndinamuuza Injiniya zoona, kuti nambala yatayika. Ndinamuuzanso, ngakhale lilime linalemera, kuti za basi ija ndinalakwa. Anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Ilibe mulandu, ba Sir," mwa njira imene inandionetsa kuti mlandu unalipo ndithu.

Pa nkhwazi sindinasinthe maganizo, ndipo mpaka lero ndikuona kuti ndinalondola. Tikanaipenta, tikanadzinamiza kuti ndekeyo inali yathu, pamene coona n'cakuti ambuya athu anali pansi, akuyang'ana kumwamba, m'nkhondo imene sanaiyambe, popanda wowafunsa. Bodza lokoma likanaphimba funso lake, ndipo funsolo linali la mtengo kuposa ndeke. Ndinamuuza kuti m'malo mwa nkhwazi tipange combo pansi pake.

Anatenga pensulo. "Combo ca mamita 130 pa one to thirty-six, ni mamita atatu na hafu na cakuti. Sicingangene mu kalasi, ba Sir."

Ndinagonja. Iye anafuta nkhwazi yekha, n'kupenta mikombero, lemba C ndi FP126 ndi nthenga ya nkhuku, cifukwa burashi yanga inali yaikulu. Tsiku lotsatira anabwera ndi kathabwa, kampanda ka waya m'mphepete mwake ngati m'mbali mwa combo, ndi kamunthu kamodzi ka waya wa kopa wocoka m'moto ya fani yakufa. Kanali kotalika masentimita 4.7, ndiko kuti munthu wa mamita 1.7 pa sikelo yathu. Mutu wake unali wopenya kumwamba. M'khosi anakamangirira kacitsulo kakang'ono kodulidwa ku citini, kopanda cilembo ciliconse.

"Mukaikumbuka, tizalemba," anatero.

Ndinapatsa kalasi yonse homuweki imene siili m'silabasi: pitani mukafunse wamkulu wa kwanu kuti makolo ake anali kuti pakati pa 1939 ndi 1945. Ambiri anabwera opanda kanthu, cifukwa wofunsidwa anapita kale. Koma ena anabwera ndi maina. Wina agogo a atate ake anali woyendetsa lole ya asilikali. Wina anali mu mgodi ku Nkana. Mtsikana uja wa lula anabwera ndi dzina la mayi amene anadikira mwamuna zaka zinayi, mwamunayo osabwera. Tinalemba maina onse kunsi kwa kathabwa ndi bolopeni, la Ambuya pamodzi nawo.

Ndikanakonda kukuuzani kuti Injiniya anapambana mayeso n'kukhala woyamba m'kalasi. Masamu anakhoza, ndipo ndinaona ndi maso anga. Maphunziro ena anamugwetsa. Januwale atafika, desiki ya pa windo losweka inakhala ndi mwana wina. Ndinamva kuti amalume ake amutenga ku shopu yawo yowocherera ku George. Ndinapita kukakamba ndi amayi ake za kubwereza kalasi. Anandilandira mwaulemu, anandipatsa mpando ndi madzi, ndipo anandiwerengera mtengo wa lendi, unga ndi makala. Digiri yanga inalibe yankho.

Mwezi watha ndinamupeza pa shopupo, magalasi akuda ali pamphumi. Pakhoma panali makatoni atatu okhala ndi zithunzi za mageti, ciliconse cili ndi miyeso yake, ndipo pakona palembedwa 1:10. Anati makasitomala amakonda kuona geti isanapangidwe, ndipo amalume ake asiya kutaya zitsulo podula molakwa. Kenako anandikokera ku geti imene inali kuuma penti, n'kuloza pansi, pafupi ndi hinji. Panali malembo awiri a dzina lake, owocherera ndi ndodo, ndi nambala 14.

"Ni ya namba 14 iyi. Niika pali yonse, kuti bazizibe amene anapanga."

Sindinadziwe ngati ndisangalale kapena ndidandaule, ndipo mpaka pano mtima uli pawiri. Waya akumudyetsa. Ine ndi amene ndinanama.

Inu amene mukuwerenga izi pa foni, foni yomweyo imajambula mawu. Ngati kwanu kuli nkhalamba imene imabwereza nkhani imodzimodzi mpaka mumatsinana, ikhazikeni pansi Sondo likubwerali, muifunse maina, zaka ndi malo, ndipo mulembe. Za Burma mwina mwacedwa ngati ine. Koma alipo amene anaona usiku wa ufulu, amene anaima pa mizere ya unga ndi makuponi, amene anamanga nyumba yoyamba ya mumsewu mwanu pamene George inali thengo.

Ndeke ija ikulendewera ku mtanda wa denga m'kalasi mwanga, pa ulusi wa nsomba. Mphepo ikalowa pa windo losweka imazungulira pang'onopang'ono. Kamsilikali kali pamwamba pa kabati, pansi pake penipeni. Ana atsopano amafunsa cifukwa cake kacitsulo ka m'khosi kalibe nambala, ndipo ndimawauza. Masiku ena, ndikamafuta bolodi onse atapita, nyimbo ija imabwera yonse, kukwera pakati n'kugwa kumapeto. Ndimaima ndi dasita m'manja, kudikira.